Kuteteza Diso Lovulala Kwambiri Pogwiritsa Ntchito Maantibayotiki

Diso likabooka kapena kung'ambika ndi minga, waya, galasi, mwala wa legeni kapena kachitsulo kothetheka posula, mabakiteriya amapeza njira yolowera mkati mwake. Matenda otsatirapo, amene madokotala amawatcha endophthalmitis, amadzetsa mafinya m'diso ndipo angathe kuchititsa khungu losachiritsika. Bakiteriya wotchedwa Bacillus cereus, yemwe amapezeka m'dothi, akhoza kuwonongeratu diso pasanathe masiku awiri.

Chiopsezo chimakula ngati kanthu katsalira m'diso, ngati chovulazacho chinali ndi dothi kapena ndowe, komanso ngati papita maola 24 bala lisanasokedwe. Motero alimi, osula, owotcherera zitsulo ndi ana ali m'gulu loyenera kusamala koposa.

Chithandizo cha kuchipatala

Madokotala sadikira kuti mafinya aoneke. Amayambitsa maantibayotiki wovulalayo akangofika. Kawirikawiri amapereka vancomycin pamodzi ndi ceftazidime kudzera mumtsempha, kapena mapiritsi monga ciprofloxacin ndi moxifloxacin. Pamene chiopsezo n'chachikulu, dokotala wa maso amathanso kubaya mankhwalawo mkati mwenimweni mwa diso pochita opaleshoni. Wovulala amalandiranso katemera wa kafumbata ngati akufunika. Dziwani kuti maantibayotiki salowa m'malo mwa opaleshoni: bala liyenera kusokedwa msanga.

Zoyenera kuchita asanafike kuchipatala

Musatikite, kufinya kapena kutsuka diso lobooka, ndipo musazule chimene chabayacho. Phimbani disolo ndi chinthu cholimba chosalikhudza, monga kapu yapulasitiki yoyera yodulidwa, n'kumata ndi pulasitala. Musathiremo mankhwala azitsamba, mkaka wa m'mawere, ngakhale mafuta a maso a tetracycline, pakuti zimenezi zimalowa m'bala n'kuwonjezera vuto. Wovulala asadye kapena kumwa kanthu, popeza angafunike kugonekedwa tulo pa opaleshoni. Pitani kuchipatala chapafupi tsiku lomwelo. Icho chidzakutumizani kwa akatswiri a maso, monga a pa Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe.

Mukatuluka m'chipatala

Malizani mankhwala onse monga mwalangizidwira, ngakhale ululu utatha. Bwererani mwachangu ululu ukakula, chikope chikatupa, diso likafiira kwambiri, mukayamba kuona mwachimbuuzi kapena mafinya akaoneka kutsogolo kwa diso. Pogoba, posula ndi podula zitsulo, valani magalasi oteteza maso nthawi zonse.