Zojambula zachinsinsi za ku Theresienstadt

Zojambula zachinsinsi za ku Theresienstadt ndi zithunzi zimene akaidi achiyuda ankajambula pamanja mobisa pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Msasawu unali m'tauni ya Terezín, kumpoto kwa mzinda wa Prague, m'dziko limene lero ndi Czech Republic. A Nazi anayamba kutsekeramo Ayuda mu Novembala 1941. Anthu pafupifupi 140,000 anadutsa mumsasawu. Oposa 30,000 anafera momwemo ndi njala ndi matenda, ndipo ambiri mwa otsalawo anatumizidwa ku Auschwitz ndi malo ena ophera anthu.

Ojambula ndi ntchito yawo

Mumsasamo munali ofesi yojambula mapulani ndi matchati a akuluakulu a SS. Mkulu wa ofesiyi anali mkaidi Bedřich Fritta, yemwe kale ankajambulira nyuzipepala zithunzi zoseketsa ku Prague. Ankagwira ntchito ndi Leo Haas, Otto Ungar ndi Ferdinand Bloch. Masana ankajambula zimene alamulidwa. Usiku, pogwiritsa ntchito mapepala ndi inki za muofesi momwemo, ankajambula zimene maso awo ankaona: okalamba atapanikizana m'zipinda zam'mwamba kunsi kwa denga, mizere ya anthu odikira chakudya, ndi magulu a anthu atanyamula tiakatundu tawo podikira sitima. M'zithunzi zina muli ngolo zonyamulira maliro, zokokedwa ndi anthu, zitanyamula buledi kapena nkhalamba zamoyo. Zimenezi sizinali zopeka, ngolozo zinkagwiradi ntchito imeneyo.

Kufunika kwa zithunzizi kumaoneka bwino tikakumbukira kuti a Nazi ankaonetsa Theresienstadt ngati tauni yabwino ya Ayuda. Nthumwi za Red Cross zisanabwere pa 23 Juni 1944, nyumba zinapakidwa penti, maluwa anadzalidwa, ndipo anthu masauzande anatumizidwa ku Auschwitz kuti malo asaoneke odzaza.

Kugwidwa

Zithunzi zina zinazembetsedwa kunja kwa msasa, ndipo a SS anamva. Mu Julayi 1944 ojambulawo anamangidwa pa mlandu wofalitsa "mabodza a nkhanza". Haas anafotokoza pambuyo pake kuti Adolf Eichmann analipo pamene ankafunsidwa mafunso. Anawatsekera pamodzi ndi mabanja awo m'ndende ya Gestapo yotchedwa Small Fortress, kumene anazunzidwa kwambiri. Bloch anafera m'ndendemo. Fritta anamwalira ku Auschwitz chakumapeto kwa 1944, ndipo mkazi wake anafera ku Terezín. Ungar, amene anamuvulaza dzanja, anafika mpaka ku Buchenwald, koma anamwalira mu 1945 atangomasulidwa kumene.

Nkhondo itatha

Mwa anayiwo anapulumuka ndi Haas yekha. Kuchokera ku Auschwitz anamutumiza ku Sachsenhausen, kumene akaidi ankakakamizidwa kupanga ndalama zachinyengo za dziko la Britain. Asanamangidwe, ojambulawo anali atabisa ntchito zawo, zina m'makoma zina pansi. Haas anabwerera ku Terezín mu 1945 nakatulutsa zithunzi zake mazanamazana, ndipo za Fritta nazo zinapezeka.

Pakati pa zopezekazo panali kabuku ka zithunzi kamene Fritta anapangira mwana wake Tomáš pokondwerera kuti wakwanitsa zaka zitatu, pa 22 Januwale 1944. Mosiyana ndi zithunzi zina zija, m'kabukuka muli mitundu yowala, zakudya ndi maulendo zomwe mwanayo anali asanazionepo. Tomáš anapulumuka ndipo analeredwa ndi Haas ndi mkazi wake Erna. Zithunzi zambiri za Fritta zimasungidwa ku Jewish Museum ya ku Berlin.