Kuchokera ku Shiraz Kufika ku Nyanja Yathu

Dziko la Persia

Persia ndi dzina lakale la dziko la Iran. Dzikoli lili kutali, kutsidya kwa nyanja yamchere. Anthu ake ndi otchuka pa ndakatulo, makapeti oluka pamanja ndi mbale zadothi zonyezimira.

Alakatuli Awo

Ferdowsi anamaliza buku lotchedwa Shahnameh m'chaka cha 1010. Linamutengera zaka pafupifupi 30. Bukuli limasimba za mafumu ndi ngwazi zakale. Masiku amenewo anthu ophunzira ankakonda kulemba m'Chiarabu, koma iye analemba m'chilankhulo cha makolo ake. Anachita bwino kwambiri. Mpaka lero ana a ku Iran amaphunzira mawu akewo kusukulu.

Mumzinda wa Shiraz munabadwira Saadi ndi Hafez. Saadi analemba Gulistan mu 1258. Muli tinkhani tatifupi tolangiza, tonga nthano za agogo. Hafez anabwera pambuyo pake. Manda a onse awiri akadalipo, ndipo anthu amapitako kukawerenga ndakatulo zawo.

Ulendo wa ku Kilwa

Kilwa ndi chilumba cha ku Tanzania. Mbiri yakale ya kumeneko imati ufumu wake unayambitsidwa ndi Ali bin al-Hasan wochokera ku Shiraz. Alendo otere ankabwera pa zombo zamatanga, mphepo ikamawomba molunjika kugombe la Africa. Ena anakwatira akazi a m'mbali mwa nyanja, nakhazikika. Zidzukulu zawo zinali Aswahili, ndipo ena amadzitchabe Ashirazi.

Kilwa inalemera ndi golide wa ku Zimbabwe wodzera ku Sofala. Katundu wakunja naye ankalowa kumtunda. Ofukula zakale anapeza mbale ya ku Persia m'mabwinja a Great Zimbabwe. Tangoganizani kutalika kwa ulendo wa mbale imeneyo!

Kuno ku Karonga

Njira zamalonda za kugombe zinafika mpaka kunyanja yathu. Koma zimene zinatipeza kuno si ndakatulo. Amalonda ankabwera ndi nsalu, mikanda ndi mfuti, n'kubwerera ndi minyanga ya njovu ndi anthu.

M'zaka za m'ma 1880, Mlozi anamanga linga ku Mpata, pafupi ndi mtsinje wa Rukuru. Iyeyu sanali wa ku Persia. Anali wamalonda wa Chiswahili. Mu 1887 anthu ake anapha Ankhonde ambiri pa dambo la Kambwe. Ndi nkhani yowawa, yosayenera kuibisa. Mlozi anagonjetsedwa n'kupachikidwa mu Disembala 1895, pankhondo yotsogoleredwa ndi Harry Johnston.

Mukakhala ku Lupembe, malo amenewa sali kutali. Mukakwera galimoto pamsewu wa M1 kulowera kumpoto, mufika pa boma la Karonga. Pamenepo pali nyumba yosungira zinthu zakale imene inatsegulidwa mu 2004, ndipo mbiri ya nthawi ya ukapolo ilimo.