Makina Olankhula ndi Mkwiyo wa Mlendo: Mbiri Yachidule

Liu lakuti loboti lidatchuka ndi seŵero la Karel Čapek la m'chaka cha 1920. Tsinde lake ndi "robota", liu la chiyankhulo cha Czech lotanthauza ntchito yokakamiza, monga thangata. Motero kuyambira pachiyambi, makinaŵa adapatsidwa dzina la wantchito, ndipo anthu akhala akuwaweruza monga wantchito.

M'chaka cha 1966, Joseph Weizenbaum wa pa MIT adalengeza za pulogalamu ya kompyuta yotchedwa ELIZA. Ntchito yake idali kutembenuza mau a munthu ndi kumbwezera ngati funso. Tanthauzo sinkalimva konse. Komabe mlembi wa Weizenbaum, yemwe ankadziŵa bwino kuti ndi makina, adampempha kuti atuluke m'chipindamo kuti iye acheze nayo payekha. Mu 1996, Byron Reeves ndi Clifford Nass adaonetsanso kuti anthu amachitira kompyuta ulemu: ikawafunsa yokha za kagwiridwe kake ka ntchito, amaiyamikira koposa m'mene amachitira akafunsidwa ndi kompyuta ina.

Tsono ulemu wotere uli ndi mtengo wake. Hotela ya Henn na, yomwe idatsegulidwa ku Sasebo m'dziko la Japan mu 2015, idadalira maloboti polandira alendo. Pofika mu 2019 idali itachotsa oposa theka la maloboti ake 243. Kachidole kolankhula ka m'zipinda, kotchedwa Churi, kankamva mkonono wa mlendo ngati pempho, nkumamdzutsa usiku kuti abwereze zimene wanena. Mafunso wamba kankalephera kuyankha. Wotchi ikalira nthaŵi yolakwika timangoikonza. Koma chinthu chimene chatipatsa moni madzulo chikatidzutsa pakati pa usiku, timachiona ngati chamwano.

Apa mpamene ife ophunzira ziyankhulo za Chibantu tili ndi chonena. M'Chicheŵa chipangizo chimawonongeka, koma munthu amalakwa; ndipo wolakwa amayenera kupepesa. Mgwirizano wa mau umamkakamiza wolankhula kusankha: kodi anene kuti "loboti yawonongeka" kapena "loboti walakwa"? Ndikupempha kuti titchere khutu ku mgwirizanitsi amene ogula adzasankhe tsiku limene makina otere adzawakhumudwitse, pakuti m'kaphatikizo kamodziko mudzaoneka ngati akufuna mmisiri wokonza kapena mau opepesa.