Dr. Alexander Hetherwick, Mnansi wa Kawinga

Pakukumbukira zaka za mpingo wathu sitingathe kulumpha dzina la Alexander Hetherwick, amene anabadwa ku Scotland m'caka ca 1860, nafika ku Blantyre mu 1883. Caka cotsatira anamtuma kukayamba mishoni ku Domasi, kwa Malemia, kufupi ndi dziko lathu lino. Masiku amenewo Kawinga anali ndi linga pa phiri la Cikala, ndipo malonda a akapolo anali asanathe. Nkhondo yace inatsikira kwa Malemia mu 1895, ndipo caka comweco asilikali a Boma anagumula lingalo.

Hetherwick anali katswiri wa masamu, koma kuno anagwira nchito ya cinenero. Anaphunzira Ciyao pakamwa pa eni ace, nasindikiza buku lophunzitsa Ciyaoco mu 1889, natembenuzanso Cipangano Catsopano. Pambuyo pace anatsogolera bungwe limene linatipatsa Buku Lopatulika mu 1922. Inu aphunzitsi, potsegula bukulo tsiku la Sabata mugwira thukuta lace, ndi la anzace akuda amene anamthangata.

Koma ife tiyesa kuti mlandu wace waukulu unali wa 1915. Nkhondo ya John Chilembwe itatha, Azungu ambiri a minda anati sukulu za mishoni ndizo zinaononga anthu, makamaka popeza John Gray Kufa, dikoni wa ku Blantyre, anali mmodzi wa onyongedwa. Iwo anafuna kuti munthu wakuda asaphunzitse kapena kulalikira popanda Mzungu womuyang'anira. Hetherwick anaima pamaso pa bwalo la Boma lofunsa mlanduwo, naikira kumbuyo sukuluzo ndi aphunzitsi ace. Ndipo pamene anamfunsa za anthu osabvula cipewa pamaso pa Mzungu, iye anayankha kuti Mzungunso ayenera kubwezera ulemu kwa womlonjera. Akadagonja tsiku lija, kaya ndani akadayenda m'midzi yathu ndi buku m'manja?

Sitibisa kuti pa kudzoza abusa akuda sanafulumire. Anatenga utsogoleri wa Blantyre mu 1898, koma Harry Matecheta ndi Stephen Kundecha analindira kufikira 1911.

Anabwerera kwao mu 1928, nalemba buku lochedwa The Gospel and the African, limene linaturuka mu 1932. Anamwalira ku Aberdeen mu 1939.