Luso Lisakwiriridwe: Mbiri ya Sukulu za Patchuthi ku America

M'chaka cha 1959, m'tauni yaing'ono ya Lake City m'chigawo cha South Carolina ku America, kamnyamata kena ka zaka 9 kanaloŵa m'nyumba yobwereketsa mabuku, kanasankha mabuku ake ndi kukaima pamzere. Mayi woyang'anira nyumbayo anakauza kuti katuluke, pakuti mabuku a m'menemo sanali obwereketsa anthu akuda. Kamwanako kanakanitsitsa. Anaitana apolisi, anaitananso mayi ake, ndipo pomaliza kanapita kwawo mabuku ali m'manja. Dzina la mwanayo linali Ronald McNair. Mu 1976 iye analandira digiri ya udokotala wa fizikisi pa sukulu yotchuka ya MIT, mu 1984 anapita mumlengalenga pa chombo cha Challenger, ndipo pa 28 Januwale 1986 anafera m'chombo chomwecho pamene chinaphulika chitangonyamuka.

Aŵerengi okondedwa, McNair anali ndi mtima wouma ngati mwala, koma si mwana aliyense amene ali wotero. Kodi ndi ana angati anzeru ngati iye amene anabwezedwa pakhomo chimanjamanja, osabwereranso? Funso limeneli ndilo linabala sukulu za patchuthi zimene tifuna kusimba mbiri yake mwezi uno.

Fizikisi ndi phunziro limene limafufuza malamulo amene Mlengi anaika m'zolengedwa zake: chifukwa chimene mango amagwera pansi, m'mene kuŵala kumayendera, chimene chimabweretsa mphezi, ndi njira imene magetsi amadutsira m'waya. Munthu wakuda woyamba kufika pachimake pa phunziroli ku America anali Edward Bouchet, wobadwa mu 1852 ku New Haven. Mu 1876 yunivesite ya Yale inampatsa digiri ya udokotala wa fizikisi, ndipo panalibe wakuda wina amene anali atalandirapo digiri yotere pa phunziro lililonse m'mayunivesite a dzikolo. Koma chifukwa cha khungu lake sanapeze malo ophunzitsa pa yunivesite. Anapita ku Philadelphia, kumene anaphunzitsa ana akuda kwa zaka 26 pa sukulu ya Institute for Colored Youth imene anayambitsa Akhristu otchedwa Quakers. Mu 1902 anachokapo pamene akuluakulu a sukuluyo anaganiza kuti ana akuda akuyenera ntchito zamanja zokha, osati sayansi. Anamwalira mu 1918, ndipo manda ake anakhala opanda mwala wa chikumbutso mpaka mu 1998.

Panapita zaka 42 kuti wakuda wachiŵiri, Elmer Imes, alandire digiri yomweyo mu 1918. Iye anaphunzitsa pa yunivesite ya Fisk mumzinda wa Nashville kuyambira 1930 mpaka imfa yake mu 1941, ndipo m'zina mwa zaka zimenezo Hastings Kamuzu Banda ankaphunzira udokotala pa koleji ya Meharry mumzinda womwewo. Mayi wakuda woyamba, Willie Hobbs Moore, anailandira mu 1972, patapita zaka 96 kuchokera pa Bouchet.

Kuchedwa konseku sikunali kusoŵa kwa nzeru ayi. M'zigawo zakumwera kwa America lamulo linkalekanitsa ana asukulu potsata khungu. Sukulu zambiri za akuda zinalibe zipinda zoyeseramo zasayansi, ndipo kaŵirikaŵiri zinkalandira mabuku otha ntchito ochokera ku sukulu za azungu. Mu 1954 bwalo lalikulu la milandu linagamula kuti kulekanitsa kumeneku nkosemphana ndi malamulo a dziko, koma chigamulo cha bwalo sichimanga chipinda cha sayansi, ndiponso sichibweza zaka zimene mwana anataya. Mu 1957 dziko la Soviet Union linaponya mumlengalenga kachombo kotchedwa Sputnik, ndipo boma la America, pochita mantha kuti latsalira, linathira ndalama zambiri m'maphunziro a sayansi. Komabe mwana amene sanaphunzire masamu okwanira ku sekondale ankapeza kuti chitseko cha yunivesite nchotsekuka koma makwerero ake palibe.

Apa mpamene anthu ena anatembenukira ku tchuthi. Ku America sukulu zimatseka kuyambira mu Juni mpaka mu Ogasiti, imene kwawo ndi nyengo yotentha pamene kwathu kuno kukuzizira. Nthaŵi imeneyi nyumba zogona za pa yunivesite zimakhala zopanda anthu, zipangizo zili phee m'makabati, aphunzitsinso ali ndi mpata. Mu 1965 boma linayamba ndondomeko yotchedwa Upward Bound, yotenga ana a sekondale a m'mabanja osauka, ambiri mwa iwo akuda, kuti akakhale pa koleji kwa milungu ngati 6 ya tchuthi akuphunzira. Mu 1990 ndondomekoyi inaphuka nthambi yoona za masamu ndi sayansi.

Ku MIT ntchitoyi inayamba ndi misozi ya mtsikana wina. Shirley Ann Jackson analoŵa pa sukuluyi mu 1964, ndipo anzake a m'kalasi ankakana kuŵerenga naye limodzi, kotero kuti mafunso a fizikisi ankalimbana nawo yekha m'chipinda chake. M'malo mosunga mangaŵa, iye anathandiza kukhazikitsa bungwe la ophunzira akuda mu 1968, ndipo zokambirana za bungweli ndi akuluakulu a sukulu zinabala Project Interphase mu 1969, sukulu ya patchuthi yokonzekeretsa ana amene angomaliza sekondale asanayambe chaka chawo choyamba. Mmodzi wa ana a m'gulu loyambalo anali Sylvester James Gates wa ku Orlando, amene mu 2021 anadzakhala mtsogoleri wa bungwe lalikulu la akatswiri a fizikisi la American Physical Society. Jackson mwini wake analandira udokotala wake mu 1973. Mu 1975 MIT inatsikiranso m'munsi ndi kuyamba kuitana ana amene adakali ku sekondale, ntchito imene inadzadziŵika ndi dzina lakuti MITES: milungu 6 ya masamu, fizikisi ndi maphunziro ena, makolo osalipira kanthu.

Ife Akatolika tili ndi gawo lathu m'mbiri imeneyi. Katharine Drexel, wobadwa mu 1858 m'banja lolemera kwambiri ku Philadelphia, anakaonana ndi Papa Leo XIII mu 1887 kukapempha amishonale oti akatumikire anthu oiŵalika a ku America. Papa anambwezera funso lakuti bwanji iye mwini osakhala mmishonaleyo. Mu 1891 anayambitsa chipani cha asisteri a Sakramenti Loyera, napereka moyo wake ndi chuma chake ku sukulu za anthu akuda ndi za mitundu imene azungu anaipeza m'dzikomo. Sekondale imene anatsekula ku New Orleans mu 1915 inabala koleji mu 1925, ndiyo Xavier University of Louisiana, yunivesite yokhayo ya Katolika imene inamangidwira anthu akuda ku America. Papa Yohane Paulo II anamuika m'gulu la oyera pa 1 Okutobala 2000.

Norman Francis, amene anatsogolera Xavier kuyambira 1968 mpaka 2015, anaona kuti ana ambiri ofika pa sukuluyi ndi anzeru koma maziko awo ndi ofooka. Mphunzitsi wa kemisitiri J. W. Carmichael ndi anzake ophunzitsa fizikisi, masamu ndi bayoloje anayambitsa mu 1977 sukulu ya patchuthi yotchedwa SOAR. Chidwi chawo sichinali pa kuloŵeza pamtima, koma pa kaganizidwe. Ana ankayesa zinthu ndi manja awo, kupima, kulemba zimene aona, ndi kudzipezera okha lamulo lobisika m'menemo. Ankakhalanso aŵiriaŵiri, wina akumasula funso molankhula mokweza sitepe ndi sitepe, mnzake akumvetsera ndi kumuimitsa pamene wadumpha kanthu. Mwa njira imeneyi mwana ankazindikira kuti kulephera funso si tsoka lobadwa nalo, koma malo amodzi pamene phazi laterereka, ndipo malowo akhoza kupezeka. Pambuyo pake anawonjezera sukulu zina za patchuthi za ana ocheperapo, za masamu, bayoloje ndi kemisitiri. Zipatso zake zinaoneka: kwa zaka zambiri kasukulu kakang'onoka kanali patsogolo m'dziko lonselo potumiza ophunzira akuda ku sukulu za udokotala. Chaka chomwecho cha 1977, pa yunivesite ya Morgan State ku Baltimore, akatswiri akuda a fizikisi anakhazikitsa bungwe lawo la National Society of Black Physicists, lofuna kuti achinyamata aziona ndi maso kuti munthu wa khungu lawo akhoza kugwira ntchito imeneyi.

Tingadabwe kuti milungu yoŵerengeka ingasinthe bwanji moyo wa munthu. Chinsinsi chake chili pa zinthu zitatu. Choyamba, mwana amagwira yekha zipangizo zimene kale ankangoziona pa chithunzi. Chachiŵiri, amapeza anzake okonda zomwe iye amakonda, nasiya kudziona ngati wachilendo. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Chachitatu, amakumana ndi wamkulu amene amamuuza mosabisa kuti malo ano ndi akenso.

Koma tisanamizane kuti nkhondoyo inatha. Mu 2020 bungwe la American Institute of Physics linatulutsa lipoti losonyeza kuti mwa ophunzira 100 alionse olandira digiri yoyamba ya fizikisi, akuda sankakwana 4, chonsecho mwa anthu 100 alionse a ku America pafupifupi 13 ndi akuda. Lipotilo linanena kuti vuto si nzeru kapena khama la anawo, koma kusoŵa ndalama ndi kusalandiridwa bwino kumene amaphunzirako, ndipo linaika cholinga choti chiŵerengerocho chiŵirikize pofika 2030. Mu Juni 2023 bwalo lalikulu la milandu linaletsa mayunivesite kuganizira mtundu wa munthu posankha ophunzira, ndipo sukulu zambiri za patchuthi zinasintha malamulo ake olandirira ana. Tchuthi chimodzi sichingakonze zonse zimene zinawonongeka pa zaka mazana.

M'fanizo la Ambuye Yesu limene timaŵerenga pa Mateyu 25, wantchito uja anakwirira yekha ndalama imene mbuye wake anamsungitsa. Mbiri tasimbayi ikutionetsa tchimo lina loposa pamenepo, ndilo kukwirira luso limene Mulungu anasungitsa mwana wa mnzathu. Ikutionetsanso anthu amene anatenga khasu nayamba kufukula: sisteri wolemera, mphunzitsi wa kemisitiri, mtsikana amene anzake anamsala. Palibe mmodzi wa iwo amene anadikira kuti dziko liyambe lakonzeka.

Tsono ife makolo tidzifunse. Sukulu zikatsekera, holo ya parishi imakhala yokhoma masiku angati? M'miphakati yathu muli aphunzitsi opuma ntchito, muli anyamata ndi atsikana obwera ku tchuthi kuchokera ku makoleji. Mwala womangirira ku chingwe, galasi, batire ndi kachidutswa ka waya nzokwanira kuyambira. Ndipo mwana wamkazi akafunsa chifukwa chimene mphezi imayamba kuoneka bingu lisanamveke, tisamtume kumadzi tisanamuyankhe kapena kumpezera womuyankha. M'mera mpoyamba.

Nyumba ya mabuku ya ku Lake City ija idakalipo. Mu 2011 anaisandutsa malo okumbukirapo moyo wa Ronald McNair, ndipo pakhomo pomwe anafuna kumbweza panalembedwa dzina lake.