Ku Cologne kulibe dimba

Kwathu kuno kwa Mbenje ukati "mpira wamanja", aliyense amaganiza za ntchemberembaye. Amakumbuka Mary Waya ndi Mwawi Kumwenda, basi nkhani yathera pomwepo. Ndiye tsiku lina mu June 2023 amalume anandipeza nditakhala pakhonde la golosale ina ku Bangula, maso ali pa foni, n'kundifunsa chomwe ndinkaonera. Nditawayankha kuti ndi mpira wamanja wa abambo, anaseka mpaka kutsokomola. "Mphwanga, sukulu yonse ija unkaphunzira zimenezi? Amuna andevu zawo kumasewera ntchemberembaye?"

Sindinawatsutse kwambiri, chifukwa mbiri ili kumbali yawo pang'ono. Malamulo amene Max Heiser analemba ku Berlin mu 1917 anali a masewero a akazi. Carl Schelenz ndiye anadzawasintha patapita zaka ziwiri kuti amuna nawonso azisewera. Koma mpira umenewu, womwe eni ake amautcha handball, si ntchemberembaye ayi. Timu iliyonse imakhala ndi anthu asanu ndi awiri, mmodzi mwa iwo ndi goloboyi. Bwalo lake limakhala m'nyumba, mamita 40 m'litali ndi 20 m'lifupi, ndipo uku ndi uku kuli magolo aukonde ngati a mpira wamiyendo, kungoti ndi aang'ono. Kutsogolo kwa golo kuli malo a mamita 6 omwe saloledwa kupondamo wina aliyense kupatula goloboyi, ndiye wofuna kugoletsa amalumpha, n'kuponya mpira ali m'malere, kenako n'kugwa pansi ngati thumba la chimanga. Zigawo ndi ziwiri za mphindi 30, ndipo timu kumwetsa zigoli 30 si zachilendo.

Ineyo ndinaudziwa mwangozi mu 2019 ndili kukoleji, usiku wina intaneti yaulere itandikomera. Kuchokera pamenepo ndakhala ndikutsata chikho cha matimu akuluakulu a ku Ulaya, chomwe lero chimatchedwa EHF Champions League, makamaka ndime zake za chipulula. Ndipo chimene chimandikhudza m'mbiri ya chikhochi si mayina a opambana kwenikweni, koma funso limodzi lomwe okonza mpikisano akhala akuliyankha mosiyanasiyana: kodi timu ikagonja lero, ipatsidwe mawa?

Mpikisanowu unayamba mu 1956, ndipo akatswiri oyamba, mu 1957, anali a ku Prague. M'zaka zimenezo Ulaya anali wogawanika pakati, kuvuma ndi kuzambwe, ndipo chikho chinkangowoloka malire uku ndi uku. Gummersbach ya ku West Germany inachitenga kasanu pakati pa 1967 ndi 1983. Magdeburg ya ku East Germany inachitenga mu 1978 ndi 1981. Matimu ambiri a kuvuma anali a asilikali kapena a fakitale: Dukla Prague ndi SKA Minsk anali a asilikali, pomwe Metaloplastika ya m'tauni ya Šabac ku Yugoslavia, yomwe inapambana mu 1985 ndi 1986, dzina lake lenilenilo linali la fakitale. Ife sitingadabwe nazo. Tili ndi Moyale Barracks ndi Red Lions, Maule anakhalapo Bata Bullets, ndipo pa Nchalo pompa panali Sucoma.

Poyamba ndime yotsiriza inkakhala masewero amodzi basi. Koma kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, kawirikawiri inkaseweredwa kawiri, kwanu ndi kwathu, n'kuphatikiza zigoli. Ndi m'nyengo imeneyi mmene Barcelona inatenga chikho kasanu kotsatizana, kuyambira 1996 mpaka 2000. Ndi m'nyengo yomweyinso mmene munachitika zinthu zomwe ine ndimati ndi mtima weniweni wa mpikisanowu.

Tengani chaka cha 2003. Montpellier ya ku France inapita ku Pamplona ku Spain kukakumana ndi Portland San Antonio, n'kukathambitsidwa ndi zigoli 27 kwa 19. Zigoli zisanu ndi zitatu, m'ndime yotsiriza, kwa timu yomwe inali itatenga chikho chomwecho zaka ziwiri m'mbuyomo. Munthu wanzeru zake akanati zatha. Pamasewero achibwereza pakwawo, Montpellier inapambana 31 kwa 19, n'kukhala timu yoyamba ya ku France kutenga chikhochi. M'timumo munali kamnyamata ka zaka 19, Nikola Karabatić, yemwe pambuyo pake ambiri anadzamutcha katswiri woposa onse m'mbiri ya masewerowa. Mu 2008 Ciudad Real ya ku Spain inagonja pakwawo 27 kwa 29 ndi Kiel ya ku Germany, koma inakabweza ku Kiel konko 31 kwa 25. Chaka chotsatira matimu omwewo anakumananso. Kiel inapambana pakwawo 39 kwa 34, Ciudad Real inabweza 33 kwa 27. Mukaphatikiza mupeza 67 kwa 66. Maola awiri athunthu akuthamangitsana, m'mayiko awiri, kusiyana n'kukhala chigoli chimodzi.

Amalume zimenezi anazimva msanga nditawakumbutsa za 2004, pomwe Bakili Bullets ya Kinnah Phiri inatulutsa Orlando Pirates m'chikho cha CAF Champions League n'kulowa m'ndime ya m'magulu. Iwo ankamvera pa wailesi, ine ndinali mwana wosadziwa kanthu. Akuti chomwe chinkawagoneka tulo pakati pa masewero oyamba ndi achibwereza n'chakuti nkhani inali isanathe.

Koma ine ndikaganiza za masewero achibwereza, ndimaganiza za dimba. Munthu wa kuchigwa kuno amalima kawiri. Amadzala ndi mvula kumunda wa kumtunda, mapira kapena chimanga, ndipo akudziwa kuti mwina dzuwa liwotcha, mwina Shire asefukira n'kukokolola zonse monga anachitira mu January 2015, mu March 2019 ndi namondwe Idai, mu January 2022 ndi Ana, mu March 2023 ndi Freddy. Koma madzi akayamba kuphwa, cha mu April mpaka June, amatsikira kudimba m'mbali mwa Shire ndi m'dambo lalikulu lomwe pamapu amalilemba kuti Elephant Marsh, n'kudzalanso chimanga, mbatata, nyemba m'chinyontho chomwe madzi omwe aja asiya. Anthu a kumtunda amatifunsa chaka ndi chaka kuti bwanji simusamuka. Yankho lake lina ndi limeneli. Mtsinje umatigonjetsa pa masewero oyamba, achiwiri timasewerera pakwathu.

Ndime yotsiriza ya 2009 ija inali yomaliza ya mtundu umenewo. Kuyambira 2010 bungwe la EHF linasintha zinthu. Ndime ya matimu asanu ndi atatu imaseweredwabe kwanu ndi kwathu, koma matimu anayi otsala amapita onse ku Cologne ku Germany, m'bwalo la Lanxess Arena lolowa anthu pafupifupi 20,000. Loweruka ndime ya matimu anayi, Lamulungu ndime yotsiriza. Palibe chibwereza. Ukagwa Loweruka, chaka chonse chathera pamenepo, ndipo ukapambana umadzuka mawa lake thupi lili ndi mabala n'kukaseweranso. Chifukwa chake sichobisika: matikiti, makanema, makampani othandiza, zonse zimagulitsika bwino zikakhala pamalo amodzi, masiku awiri okha.

Ndisaname, Cologne inabweretsa zokoma zake. Pamasewero awiri timu yolemera, yokhala ndi osewera ambiri pabenchi, nthawi zambiri imapeza mpata wokonza zomwe inalakwitsa. Pa ola limodzi, goloboyi mmodzi akadzuka bwino, chimphona chimagwa. Hamburg inagonjetsa Barcelona 30 kwa 29 mu 2013. Flensburg mu 2014 inatulutsa Barcelona pa mapenate Loweruka, n'kugonjetsa Kiel 30 kwa 28 Lamulungu. Vardar ya ku Skopje, dziko laling'ono la Macedonia, inagonjetsa Paris Saint-Germain ndi ndalama zake zonse 24 kwa 23 mu 2017, Ivan Čupić atagoletsa m'masekondi omaliza. Mu 2019, usiku womwe ine ndinauona koyamba mpirawu, Vardar yomweyo inapita kokapumula ikutsalira 16 kwa 9 ndi Barcelona, koma inapambana 29 kwa 27, mawa lake n'kutenga chikho. Kwa zaka khumi ndi ziwiri zoyamba ku Cologne, panalibe timu yomwe inatenga chikho kawiri kotsatizana, mpaka Barcelona inadzachita zimenezo mu 2021 ndi 2022.

Koma pali Veszprém.

Veszprém ndi tauni yaing'ono ya ku Hungary pafupi ndi nyanja ya Balaton, ndipo kumeneko handball ndi ngati Maule ndi Manoma kuwaphatikiza. Pa 29 May 2016 timu yawo inakumana ndi Kielce ya ku Poland m'ndime yotsiriza. Kutatsala mphindi pafupifupi 15, Veszprém inkatsogola 28 kwa 19. Masewerowa ndawabwereza pa foni kambirimbiri, ndipo nthawi iliyonse ndikafika pamenepo mtima umandiuza kuti ulendo uno apambana. Masapota ovala zofiira akuimba, ena akukumbatirana. Kenako goloboyi wa Kielce, Sławomir Szmal, akuyamba kugwira chilichonse. Mipira ya Veszprém ikugunda chitsulo, ina ikuthera m'manja mwa adani. Ukuona amuna akuluakulu, akatswiri a m'mayiko osiyanasiyana, akuyang'anana ngati ana osochera pamsika. Kielce inagoletsa zigoli zisanu ndi zinayi zotsatizana. Nthawi inatha ali 29 kwa 29, nthawi yowonjezera inatha ali 35 kwa 35, ndipo pa mapenate Kielce inapambana, Julen Aguinagalde atamwetsa yomaliza.

Ambiri amaikamba nkhaniyi ngati chozizwitsa cha Kielce, ndipo n'zoona, chinali chozizwitsa. Ine ndimaiona kuchokera mbali inayo. Veszprém inasewera bwino kuposa mnzake kwa mphindi 45, inasokonezeka kwa mphindi 15, ndipo panalibe sabata yamawa yoti ikakonzere zinthu pamaso pa anthu akwawo. Timuyi yafika m'ndime yotsiriza kanayi, mu 2002, 2015, 2016 ndi 2019, ndipo kanayi konseko yabwerako chimanjamanja. Katatu mwa kanayiko kanali ku Cologne. Sindikunena kuti chibwereza chikanawapatsa chikho, poti mu 2002 anali nacho chibwerezacho koma anagonjabe ndi Magdeburg. Ndikungonena kuti mu 2002 nkhalamba ya ku Veszprém inkatha kuyenda wapansi kukaonera timu yake ikulimbirana chikho cha Ulaya m'tauni yake yomwe. Lero iyenera kukhala ndi ndalama ya tikiti, ya ulendo ndi ya kogona ku Germany. Ndime yotsiriza inachoka m'matauni aang'ono omwe analera masewerowa, n'kupita komwe kuli msika.

Mwina ndimaimva chonchi chifukwa cha zanga. Chimalizireni sukulu ndaitanidwa katatu kukayesedwa ntchito ku Blantyre. Ulendo wina ndinanyamuka usiku, minibasi inafera pa Thabwa tisanayambe kukwera mapiri, ndinafika thukuta lili kamukamu, ndipo funso loyamba lomwe ndinkalidziwa bwinobwino linangondithawa m'mutu. Mphindi 20. Zaka zinayi za kukoleji anaziyeza pa mphindi 20, ndipo kalata yoti sindinachite mwayi sinabwere n'komwe. Sindikudandaula anthu aja, nawonso anali ndi mzere wautali panja. Koma ndikaona nkhope za osewera a Veszprém pa mphindi ya 55, ndimazizindikira.

Komanso ndisakometsere zakale mopitirira. Ciudad Real, mfumu ya masewero achibwereza ija, inasamukira ku Madrid mu 2011 chifukwa cha mavuto a ndalama, ndipo mu 2013 inatheratu. Hamburg, yomwe inatenga chikho ku Cologne mu 2013, inagwa m'ngongole n'kutuluka mu ligi ya ku Germany mu January 2016. Kaya kawiri kaya kamodzi, chikho sichilipira malipiro a osewera. Masapota a Maule amene anaona zomwe zinatsatira 2004 akudziwa.

Tsono tsiku lija la pa 18 June 2023, lomwe amalume anandipeza ku Bangula, inali ndime yotsiriza pakati pa Magdeburg ndi Kielce. Mu June nthawi ya ku Cologne ndi ya kwa Mbenje imafanana, ndiye masewero anayamba kutangoda. Amalume anali akuchokera kukafuna mbewu ya chimanga. Freddy anali atakwirira theka la dimba lawo ndi mchenga, koma chakumunsi kunali kutatsala dothi lakuda, ndipo n'kumene ankalimbana nako. Atatha kuseka anakhala pansi, akuti angoona pang'ono.

Ndinawalozera mphunzitsi wa Kielce, Talant Dujshebaev, wobadwira ku Kyrgyzstan, yemwe anali mphunzitsi wa Ciudad Real m'zaka zija za chibwereza komanso wa Kielce mu 2016. Ana ake awiri, Alex ndi Daniel, ankasewera m'timu yomweyo. Chaka cham'mbuyo anali atagonja m'ndime yotsiriza pa mapenate ndi Barcelona. Ndinawalozeranso Gísli Kristjánsson wa ku Iceland, wosewera wa Magdeburg, yemwe phewa linali litaguluka dzulo lake m'ndime ya matimu anayi, koma anali m'bwalo akusewera. Apa amalume anasiya kuseka. Anati mwana ameneyo alibe makolo omuletsa? Ndinati alipo, koma chikho ndi lero, mawa kulibe.

Masewero anapita m'nthawi yowonjezera, bandulo yanga ili pafupi kutha, chithunzi chikumaima n'kuyambanso. Magdeburg inapambana 30 kwa 29, ndipo Kristjánsson ndi phewa lakelo anasankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse. Kamera inaonetsa Dujshebaev ndi ana ake, kachiwiri m'zaka ziwiri akuonerera anzawo akunyamula chikho.

Amalume anaimirira, n'kumangirira kathumba ka mbewu pakaliyala ya njinga.

"Ndiye achikasuwo akabwezera liti kwawo?"

Ndinati sabwezera, zathera pompa.

Anapukusa mutu, n'kukankha njinga kulowa mumsewu. Atayenda pang'ono anatembenuka n'kundiuza kuti mawa ndilawirire, tikadzale kumunsi kuja chinyontho chisanathe.