Kubisa nambala ya galimoto: zimene lamulo la ku Britain limanena

Dalaivala akagunda munthu n'kuthawa, kawirikawiri nambala ya galimoto ndi yokhayo imene ingathandize apolisi kumupeza. N'chifukwa chake mayiko ambiri amaletsa kuiphimba. Dziko la Britain, limene linayamba kukakamiza eni galimoto kuika manambala mu 1904, ndi chitsanzo cha momwe malamulo otere amagwirira ntchito.

Ndime 43 ya lamulo la mu 1994 lotchedwa Vehicle Excise and Registration Act imati ndi mlandu ngati nambala yabisika kapena yasiyidwa kuti isamawerengeke bwino. Woimbidwa mlandu ndi amene akuyendetsa galimotoyo, ndipo ngati siikuyendetsedwa, ndi amene amaisunga. Chindapusa chake chimatha kufika mapaundi 1,000.

Lamuloli silikhudza okhawo obisa nambala mwadala. Matope, kapena njinga yomangiriridwa kumbuyo kwa galimoto, zingathenso kugwetsa munthu m'mavuto. Komabe, woimbidwa mlandu angapulumuke atasonyeza kuti anayesetsa kuchita zonse zotheka kuti nambalayo izioneka.

Malamulo ena a mu 2001 amalongosola kaonekedwe ka nambala. Yakutsogolo ikhale ya zilembo zakuda pamalo oyera, ndipo yakumbuyo ikhale ya zilembo zakuda pamalo achikasu. N'koletsedwa kusintha katalikirana ka zilembo kapena kupaka chilichonse cholepheretsa kamera kujambula nambalayo. Ngolo yokokedwa iyenera kukhala ndi nambala yofanana ndi ya galimoto imene ikuikoka. Galimoto ya nambala yosayenera imalepheranso mayeso a pachaka otchedwa MOT.

Nkhaniyi yakula kwambiri chifukwa cha makamera a m'misewu amene amawerenga okha manambala. Makamerawa amathandiza apolisi kupeza galimoto zobedwa ndi zopanda inshuwaransi. Pofuna kuwazemba, ena amagula manambala amene amaoneka abwinobwino ndi maso koma osawerengeka pa kamera, pamene ena amakopera nambala ya galimoto ya munthu wina. Zikatero, makalata a chindapusa amapita kwa munthu wosalakwa, amene amavutika kupereka umboni woti sanali pamalopo.

Choncho lamuloli limateteza wogundidwa pamsewu komanso dalaivala wokhulupirika. Akatswiri ophunzitsa kuyendetsa galimoto amalangiza kupukuta nambala zonse ziwiri ulendo usanayambe, makamaka nyengo ya mvula.